Mizere Itatu ya Agogo aNaMiti

Ndikakumbukira agogo aNaMiti, ndimamva fungo la mtsiro wonyowa, dothi lakuda la kudambo losakaniza ndi ndowe za ng'ombe, likutuluka m'nyumba m'mawa dzuwa lisanakwere, pamodzi ndi phokoso la nkhulungo ikukhula pansi, khwee, khwee, ndi kanyimbo ka m'mphuno kopanda mawu kamene ankaimba akakhala pa ntchito. Ankazira atagwada, kubwerera m'mbuyo pang'onopang'ono kuchokera kukhoma la kumutu kwa mphasa mpaka pakhomo, nsalu atapisira m'chiuno, phale la matope akulikoka ndi dzanja lamanzere. Tsoka linali kwa nkhuku kapena mdzukulu woponda pamene padutsa kale dzanja lawo. Ine ndinapondapo kangapo, ndipo khutu langa lakumanzere ndilo linkalipira mlanduwo.

Anali mayi wa atate anga, kamayi kakafupi, kakuda bii, kolankhula mofulumira ngati chimanga chothetheka m'phale. Tinkakhala m'mudzi wa Angoni chakufupi ndi Mtenguleni, masiku amene tawuni ya Chipata tinkangoitchula kuti ku Boma. Zaka zawo sankazidziwa. Ankangoti pamene azungu ankamenyana ndi Angoni iwo anali kamtsikana kotha kusenza mtsuko, ndipo pothawira kuphiri anagwa pamwala n'kuthyoka chala chaching'ono cha dzanja lamanja. Chalacho chinapola chopindikira m'kati. N'chifukwa chake pomaliza kuzira, akamakoka zala pakhomo monga amachitira amayi onse kuti pakongole, mizere yawo inkatuluka itatu pamene ya anzawo inali inayi. Mwana aliyense m'mudzimo ankadziwa khonde lozira aNaMiti.

Anali ndi mbali yawo yovuta, ndisaname. Akapita kukacheza kwa munthu sankayamba ndi kuyang'ana nkhope ya mwini nyumba. Ankayamba asisita pansi ndi phazi, ndipo pobwerera kunyumba mlandu unkakhala utaweruzidwa kale. "Uja m'kamwa mwake muli uchi, koma pansi pake m'pa nkhuku," ankatero, akununkhiza fodya wawo. Ine ankanditcha mkazi mnzawo, ngakhale agogo aamuna anali atamwalira ndisanabadwe, ndipo ankati ndine wa manja a sopo, oti sangasunge mwamuna ngakhale mwezi umodzi. Dzina langa la Velonika ankalitchula pokhapokha ndikalakwa.

Atate anga, a Filipo Tembo, anali mwana wawo yekhayo wamwamuna amene anakula. Anachoka ine ndili ndi zaka zinayi, kupita ku Halale monga ankachitira amuna ambiri a kwathu, kukafuna ya msonkho ndi bulangeti. Chimene ndinkakumbukira cha iwo si nkhope ayi, koma msana wautali ukulowa m'njira ya pakati pa minda, kathumba ka ufa kakulendewera ku ndodo. Chaka choyamba kunabwera kalata ndi chitambala cha amayi. Chaka chachiwiri kunabwera kalata yokha yonena kuti asamukira ku mgodi. Kenako kunati zii. Anzawo ankabwera ndi njinga ndi masutikesi a malata, ndipo akafunsidwa ankayang'ana pansi n'kunena kuti dzikolo ndi lalikulu. Anthu anayamba kunong'ona liwu limene mkazi aliyense wa kwathu ankaliopa kuposa imfa, lakuti mtchona. Wakufa mumamulira, mumameta, nkhani n'kutha, koma za mtchona sizikhala ndi pothera.

Nkhondo yachiwiri ya azungu okhaokha ili m'kati, Boma linanena kuti malo athu atopa, anthu tapanikizana, ndipo midzi ingapo isamukire kumalo atsopano. Wathu unali umodzi mwa imeneyo. Kumalo atsopanoko kunali mtunda woti ukanyamuka tambala atalira kachiwiri ukafika dzuwa lili pamutu. Anthu anasasula madenga, kuzula mitengo yabwino, kuchotsa zitseko, n'kukweza zonse pa zileyi zokokedwa ndi ng'ombe. Amuna a pabanja lathu atafika pa nyumba ya atate, imene tinkagonamo ine ndi amayi, anapeza agogo atakhala pakhomo, miyendo atatambasula, akusenda nshawa ngati palibe chikuchitika.

"Amayi, tasunthani tichotse chitseko."

"Yambani yanga ija. Ino mwini wake kulibe."

"Nanga mpongozi wanu ndi mwana akagona kuti?"

"Akagona ndi ine. Ndine wamng'ono, sindidzaza nyumba."

Anawachonderera mpaka dzuwa kupendeka, koma agogo anali ngati chitsa. Pomaliza aphunzitsi a sukulu ya mishoni, munthu wofatsa amene ankatiwerengera makalata, anabwera ndi nzeru. Anatenga thabwa, n'kulembapo ndi chitsulo chamoto dzina la mudzi wathu, kumene tapita ndi njira yake, n'kulikhomera pa mkuyu wa pabwalo.

"Mwaona, agogo? Filipo amatha kuwerenga. Akabwera sasochera."

Agogo analiyang'ana thabwalo nthawi yaitali, mutu atapendeketsa ngati nkhuku yoona kabawi.

"Lanena kumene tapita?"

"Inde, lanena zonse."

"Lanena kuti tikumufuna?"

Aphunzitsi anaseka pang'ono, n'kunena kuti zimenezo n'zodziwikiratu. Agogo anangoti, "Kwa inu amene muli kwanu," n'kupitiriza kusenda nshawa zawo. Nyumbayo inatsala chiimire, ndi denga lake ndi chitseko chake.

Kuyambira pamenepo, mwezi ukangooneka, agogo ankandidzutsa m'mamawa. "Mkazi mnzanga, tiye tikaone nyumba ya amuna athu." Tinkanyamula mbatata zootcha, chikho cha madzi, khasu laling'ono ndi dengu, ndipo nkhulungo yawo, kamwala kosalala ka mumtsinje kokwana m'dzanja, ankakamanga pa mfundo ya nsalu ngati ndalama. Mame ankatinyowetsa mpaka m'chiuno. Tikayandikira kumudzi wakale tinkapatukira kudambo kukakumba mtsiro, chifukwa agogo ankati dothi la kumalo atsopano ndi lamchenga, lopanda ulemu, limang'ambika lisanaume. Ndowe tinkatola zouma m'njira, za ng'ombe za eni ake, n'kukaziviika tikafika.

Bwinja ndi malo oopsa kwa mwana. Mwezi ndi mwezi ndinkaona mudzi wathu ukumira m'tchire. Makoma a anzathu ankagwa limodzi limodzi, maungu ankayanga pamene panali pogona anthu, ndipo pabwalo pamene tinkasewera panamera chisoso chofika m'khosi. Pakati pa zonsezo panali nyumba imodzi yoima, ndipo ife tinkaigwirira ntchito ngati muli mlendo wolemekezeka. Ine ndinkasesa zitosi za mileme ndi kugogoda mapaso kuti chiswe chigwe. Agogo ankathira phulusa m'munsi mwa nsanamira, kumata ming'alu, kenako n'kugwada kuyamba kuzira. Nyengo ya lupsa tinkalambula kuzungulira nyumba yonse kuti moto wolusa usafike. Denga lokha ndilo linkatigonjetsa. Kufolera ndi ntchito ya amuna, ndipo agogo ankangoponyapo mitolo ya udzu ndi mtengo wautali, akutukwana mwana wawo ndi mawu amene sindingalembe pano. Tinkadya mbatata zathu poyembekeza kuti pansi pachite mbuu, ndiye iwo ankakulungiza ndi nkhulungo mpaka pakhonde pankawala ngati mphika watsopano. Chomaliza chinali mizere itatu ija pakhomo. Tikatero tinkatseka chitseko, n'kuyamba ulendo wobwerera, kukafika kumudzi mdima utagwa kale.

Anthu ankatiseka. Ena ankati nkhalamba yayamba kuzungulira mutu, ena ankati ikuzirira mizimu. Ine ndinkadandaula njira yonse, minga kuphazi, dengu kumutu, ndipo tsiku lina ndinafunsa mwamwano kuti tikuvutikiranji nyumba yogona mileme. Ndinkayembekeza dzanja pakhutu, koma agogo anangoyankha akuyenda, osatembenuka.

"Nyumba siifa tsiku limene yagwa. Imafa tsiku limene asiya kuizira. Fulumira, manja a sopo iwe."

Amayi anga, aNaBanda, sanapiteko ngakhale kamodzi. Anali mkazi wamtali, wosalankhula kawirikawiri, ndipo zaka zimenezo anauma ngati phesi. Ankalima okha munda wa anthu awiri. Tikabwerako ankatilandira dengu, kutipatsa madzi osamba, osafunsa kanthu. Ndili mwana ndinkaganiza kuti alibe nazo ntchito. Lero ndikudziwa kuti ankaopa kuona chitseko chija.

Chaka chachitatu chisamukire, chimanga chili pafupi kucha, kunabwera amalume, mchimwene wa amayi, amene anali kapitawo pa munda wa fodya wa mzungu. Anafika pa njinga, atavala chipewa ndi masokosi, ndipo anakhala pa mpando wokhawo umene tinali nawo. Ine ndinali kuseri kwa nkhokwe, makutu ali tcheru. Amalume sanali munthu woipa. Mlongo wawo ankamukonda, ndipo zimene ananena zinali zoona zokhazokha.

"Amayi, zaka zisanu ndi chimodzi si masiku. Mlongo wangayu akukalamba ali pakhomo pa munthu amene sitidziwa ngati ali moyo. Ku Boma kuli munthu wabwino, telala wa pa sitolo ya mmwenye, mkazi wake anamwalira. Wanena kuti amutenga. Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo."

Agogo anatsina fodya m'kabotolo kawo, n'kumugwira pachala osanunkhiza.

"Wanga uyu ali pachala, aBanda, ndipo mphepo sinamutenge. Madzi saiwala khwawa."

"Madzi ena amauma m'njira, amayi."

Pamenepo agogo anabwezera fodya uja m'kabotolo. Amalume anapitiriza mofatsa. Anati akulu a mbali zonse ziwiri akambirana kale, ndipo palibe amene angamange mkazi pa mtchona mpaka kalekale. Tikangotha kukolola adzabwera kudzatenga amayi. Kenako ananena za ine.

"Mwana ndi wa kwa Tembo, ng'ombe za malowolo zinapita. Ameneyo atsala ndi inu, ife sitilimbana ndi mwambo."

Apo m'pamene ndinamvetsa. Kwathu kwa Angoni mwana ndi wa kuchimuna. Atate akapanda kubwera tisanatute chimanga, ndiye kuti ine nditaya amayi, atate ndinali nditataya kale. Ndinalira kuseri kwa nkhokweko mpaka nkhuku zinandizungulira.

Madzulo ake, dzuwa likulowa, ndinamva agogo ndi amayi akulankhula akupeta mapira. Ndinkaganiza kuti agogo akalipa, koma mawu awo anali otsika.

"NaBanda, mwana wanga, wandisunga bwino. Ukafuna kupita, ine sindigona pakhomo ngati muja ndinachitira ndi nyumba. Iwe si nyumba."

"Nanga inu mudzaleka liti kuzira manda aja?" anatero amayi. "Mwezi uliwonse mumanditonesa chilonda. Mukanaleka, bwenzi nditaiwala."

"Ndikudziwa. Undikhululukire. Koma iwe ukhoza kupeza mwamuna wina, ine ndikamupeza kuti Filipo wina pa msinkhu uno?"

Anapitiriza kupeta. Zipero ziwiri zinkangomveka, tsa, tsa, tsa, mpaka mdima unawalekanitsa.

Tinakolola. Ine ndinkakolola mwaulesi dala, kubisa ngakhale zitsononkho m'mapesi kuti ntchito ichedwe, koma chimanga sichimva za mwana, chinalowa m'nkhokwe. Amalume anatumiza mawu kuti abwera Loweruka la sabata yotsatira. Amayi anachapa nsalu zawo ziwiri, n'kuyamba kundiphunzitsa mofulumira zinthu zimene mayi amaphunzitsa mwana wake pa zaka zambiri, kusinja, kutsuka mphale, kumanga nsalu kuti isagwe. Usiku ankandigoneka pafupi kwambiri moti ndinkamva mtima wawo.

Mwezi unaoneka Lachiwiri. M'mawa mwake agogo anandidzutsa monga mwa masiku onse, ndipo titatuluka tinapeza amayi ataima panja, nkhata ili m'manja.

"Ndinasiya mphero yanga kuseri kwa nyumba ija," anatero, osayang'ana munthu. "Ndikufuna ndipite nayo."

Mphero ndi mwala wolemera, ndipo ku Boma kunali zigayo. Agogo ankadziwa, inenso ndinkadziwa, koma palibe anatsutsa. Tinayenda atatu m'chisanu cha mwezi wa Juni, udzu utauma, mapazi akuwawa ndi kuzizira. Panjira ngakhale kanyimbo ka m'mphuno kaja sikanamveke. Kudambo amayi anatenga khasu m'manja mwa agogo n'kukumba okha mtsiro.

Tinalowa m'bwinja dzuwa lili pamutu. Agogo anali patsogolo, ndipo titazungulira mkuyu wa thabwa uja anaima mwadzidzidzi moti ndinawagunda ndi dengu. Chitseko chinali chotseka monga tinachisiyira. Koma pansi pa khonde, pa dothi, pambali pa mwala wopondera, panali nsapato ziwiri za matayala, zakutha, zoikidwa bwinobwino moyandikana, zala zake zitaloza kunja.

Amayi anagwira mkono wanga. "Kuli munthu. Tiyeni tibwerere, mwina ndi wakuba."

"Wakuba savula nsapato," anatero agogo.

Anatula chikho chawo pansi mosamala, ngati chili ndi mazira. Kenako anakhala pansi pomwepo pa chisoso. Munthu mmodzi yekha pa dziko lonse anakokedwa khutu kokwanira kuti asaponde khonde la aNaMiti ndi nsapato, ngakhale m'mudzi mopanda anthu.

Chitseko chinatseguka, ndipo munatuluka munthu amene sindinamudziwe. Anali wamtali, wowonda ngati bango, ndevu zosapesa, atafunda chibulangeti chong'ambika, dzanja lamanja atalibisa m'kati. Anaima pakhomo akuphethira ndi dzuwa. Anayang'ana agogo, anayang'ana amayi, anayang'ana ine nthawi yaitali, kenako anagwada pakhonde pomwepo, mutu pansi. Njiwa yokha inkalira mu mkuyu.

Ine ndinkayembekeza nthungululu kapena kulira. Agogo anapukuta mphuno ndi nsonga ya nsalu, n'kuloza m'mwamba ndi chala chawo chopindika.

"Filipo, denga ili likudontha chaka chachitatu. Amuna a nyumba ino ali kuti?"

"Ndabwera, amayi."

"Wabwera liti?"

"Lero ndi tsiku lachisanu ndi chinayi."

"Masiku onsewo, udzu uli ponseponse, osaponyapo ngakhale mtolo umodzi?"

Pamenepo atate anatulutsa dzanja lija m'bulangeti. Linali lopindika, lokhala ndi zipsera zoyera, ndipo zala zinatsalapo zitatu. Agogo anakwawa ndi maondo mpaka pakhonde, anagwira dzanjalo ndi manja awo onse awiri, n'kuliika pa tsaya lawo, ndipo kulira kumene analira sindinakumvenso kwa munthu wina aliyense. Ankangoti, "Mwana wanga, mwana wanga, anakudya, anakudya," thupi lonse likugwedezeka. Ine ndinalira nawo chifukwa cha mantha.

Nkhani yawo anaifotokoza pang'onopang'ono, akudya mbatata zathu ngati munthu woiwala kutafuna. Mwala unawagwera pansi pa mgodi. Anagona m'chipatala miyezi yambiri, ndipo atatuluka ntchito inali itatha. Anayendayenda m'mapulazi, koma ndani alemba munthu wa dzanja limodzi? Kulemba kalata sankatha, dzanja lolembera ndi lomwelo, ndipo kutuma wina kuti alembe kuti ndapunduka, ndilibe kanthu, manyazi ankawagwira. Chaka chinkapita, manyazi n'kumakula. Pomaliza anayamba ulendo wapansi, miyezi itatu, kupempha m'midzi ya eni, kuti angoona kwawo ndi maso ngakhale chapatali.

"Thabwa lija ndinaliwerenga tsiku lomwe ndinafika," anatero. "Njira ndinaidziwa. Koma ndinati ndikalowa bwanji m'mudzi watsopano chonchi, anzanga anabwera ndi njinga? Mkazi anakwatiwa kale, amayi kaya ali moyo, ndikangokhala choseketsa ana. Ndinati ndigone pansi pa mkuyu, m'mawa ndibwerere kumene ndachokera, anthu apitirize kunena kuti ndinafa. Ndiye pofuna nkhuni ndinaona nyumba. Ndinaona pakhomo." Anayang'ana pansi pamene anagwada, pamene mizere ya mwezi watha inkaonekabe. "Ndinawerenga, itatu. Ndinagwira, ndinanunkhiza. Ndinati uyu si mtsiro wa chaka chatha. Amene wazira pano abweranso, ndipo ngati wina andione chonchi, ayambe ndi iyeyo."

Agogo anatembenukira kwa ine, maso ali ofiira, koma kamwa itayamba kale kubwerera m'malo mwake. "Ukawauze aphunzitsi ako kuti chamuimitsa si thabwa lawo."

Amayi nthawi yonseyi anali chiimire, dengu la mtsiro lili pamutu. Sanalire, sanamwetulire. Atate atawayang'ana n'kunena kuti, "ANaBanda, ndalakwa," iwo anatula dengu, n'kundikankhira kutsogolo.

"Mwana wanu uyo, atate ake Velonika. Mpatseni moni, sakudziwani."

Atatero anazungulira kuseri kwa nyumba, kumene kunali mphero yawo, ndipo anakhalako nthawi yaitali. Atabwerako maso anali otupa. Anagwada pa phale, anathira madzi mu mtsiro, n'kuyamba kukanya. Tsiku limenelo anazira ndi amayi, agogo atakhala pambali akuloza molakwika. Mpheroyo inatsala komweko, ndipo ndikhulupirira kuti ilipobe.

Ndisakunamizeni kuti zonse zinakhala bwino tsiku lomwelo. Amayi anatha mwezi wathunthu akuwaphikira atate osawalankhula, ndipo mawu akuti zaka zisanu ndi chimodzi ankatuluka pa mkangano uliwonse mpaka onse awiri anachita imvi. Amalume anabwera Loweruka lija ndi njinga yawo, anapeza mlamu wawo atakhala pa mpando uja, anavula chipewa, anadya nkhuku imene inaphedwa, n'kubwerera okha. Ana a m'mudzi anaseka dzanja la atate monga iwo ankaopera, kenako anazolowera. Atate anaphunzira kugwira khasu ndi kumanzere, ndipo chaka chomwecho anafolera nyumba yathu yatsopano, ine ndikuwaponyera mitolo. Pambuyo panga panabadwa ana anayi. Kubwinja kuja agogo sanapitekonso, ndipo nditawafunsa ngati sakuimvera chisoni nyumba ija anati, "Ya chiyani? Yagwira kale ntchito yake, isiye igone."

Agogo anakhala ndi moyo mpaka anatopa nawo okha. Anaika m'manda anzawo onse a msinkhu wawo, anaona dziko likulandira ufulu, anaona Boma lija likutchedwa Chipata, ananyamula ana anga ndi mwana wa mwana wanga woyamba. Maso anachita khungu, mano anatha, koma phazi lija silinakalambe. Nditakwatiwa n'kukhala m'tawuni, m'nyumba ya simenti yopaka polishi wofiira, ndinawatenga kuti adzaone. Analowa atagwira mkono wanga, anasisita pansi ndi phazi uku ndi uku, n'kufwenkha mphuno.

"Posalala, mkazi mnzanga. Koma pansi posanunkha kanthu, munthu angadziwe bwanji kuti akumuyembekeza?"

Anamwalira nyengo ya masika, ali m'tulo, amayi anga atawagoneka pamiyendo ngati khanda. Apongozi ndi mpongozi aja anakhala limodzi zaka zoposa makumi anayi, akukangana za mchere ndi za nkhuku, ndipo amayi ndi amene analira kuposa tonse.

Patapita mwezi tinapita kukazira manda, monga timachitira kwathu. Imeneyo ndi ntchito ya akazi, amuna amakhala patali pamthunzi. Tinakumba mtsiro, tinakanya, ndipo amayi anali atangogwada pamene atate, nkhalamba ya imvi tsopano, anadzuka pakati pa amuna anzawo n'kubwera. Anavula nsapato, anaziika pambali moyandikana, n'kugwada. Amayi ena anayamba kung'ung'udza kuti mwamuna sazira, koma amayi anga anawayang'ana kamodzi kokha, n'kusuntha phale kuti lifike pafupi ndi amuna awo. Anazira mosadziwa, mokhotakhota, moti mwini wake akanakhalapo khutu likanawawa. Pomaliza anakoka dzanja lawo lopunduka lija kumutu kwa manda, ndipo mizere inatuluka itatu.

Nkhulungo ija ili ndi ine. Yatha mbali imodzi, pamene pankagwira chala chachikulu cha agogo, ndipo ndimaisunga m'kabati pamodzi ndi makapu a alendo. Mwana wanga wachiwiri, Filipo, anapita kumigodi ya ku Kitwe, ndipo chino ndi chaka chachinayi osalemba kalata. Azilongo ake amati ndichititse lendi chipinda chake, anthu akusowa pogona m'tawuni muno. Ine ndimangowamvetsera. Mwezi ukaoneka ndimatsegula zenera la chipindacho, ndimayala nsalu yochapa pabedi, ndipo ndimatuma mdzukulu kudambo kukanditengera dothi lakuda pang'ono m'kachitini. Simenti siizirika, koma panja pa khomo la kuseri, pamene iye ankalowera akachedwa, pali kamalo ka dothi kokwana mphasa imodzi. Ndimagwada pamenepo ndi maondo anga okalambawa, ndipo pokoka zala ndimapinda chaching'ono.